Loweruka, 23 Malichi 2024: golide wa anthu anayi

Dzulo usiku, ine ndili m'tulo kuno ku Mchinji, anyamata anayi a ku Zambia anazungulira bwalo la University of Ghana ku Legon kanayi m'mphindi 2 ndi masekondi 59.12. Nkhaniyi ndaipeza m'mawa pagulu la WhatsApp la aphunzitsi a zamasewero a m'zoni mwathu, ndipo bandulo imene ndimati indifikitsa Lolemba yathera pa kanema mmodzi yemweyo. Sindikudandaula ayi.

Kwa inu amene simukutsatira, awa ndi African Games, masewero a mayiko onse a mu Africa, ndipo a ulendo uno ndi a nambala 13 tikawerenga kuyambira a ku Brazzaville mu 1965. Akuwatseka lero ku Accra. Akutchedwabe a 2023 chifukwa amayenera kuchitika mu Ogasiti chaka chatha, koma akuluakulu a African Union ndi mabungwe a zamasewero anayamba kukokanakokana pa nkhani ya ndalama za otsatsa malonda, uku mabwalo ena asanathe kumangidwa, mpaka zinthu zinakankhidwira mwezi uno kuyambira pa 8. Ghana ili m'mbuyo mwathu ndi maola awiri, ndiye zokoma zonse za madzulo kumeneko zimafika kuno anthu titatseka kale zitseko, makamaka tsiku loti magetsi athima.

Mpikisano wake unali wopatsirana kamtengo, aliyense mamita 400: Patrick Nyambe, Kennedy Luchembe, David Mulenga, ndipo wotsekera anali Muzala Samukonga. Chiyambire African Games palibe timu inathamangapo nthawi imeneyi, ndipo Zambia nayonso sinayambe yaifikapo. Amene anasiyidwa m'mbuyowo si ana. Botswana, yomwe inamaliza pa 2:59.73, ndi dziko limene linatenga mendulo ya bulonzi pa mpikisano womwewu ku Olimpiki ya ku Tokyo mu 2021. Nigeria inabwera yachitatu. Kusiyana kwa masekondi 0.61 kumaoneka kochepa mukakulemba papepala, koma pa liwiro limenelo ndi mamita asanu ndithu, moti wa m'mbuyoyo amangoona nsana.

Samukonga tonse tikumudziwa. Ku Birmingham mu 2022, ali ndi zaka 19 zokha, anatenga golide wa Commonwealth pa 44.66, kumupitirira Matthew Hudson-Smith pakwawo penipeni anthu akuonerera. Ndi mnyamata uja amathamanga mpaka kudzikhuthula yense, moti ku Birmingham komweko anachita kumuchotsa pabwalo pa njinga ya odwala. Mu Epulo 2023 ku Gaborone anathamanga 43.91, kenako mwendo unamuvuta mpaka mpikisano wa dziko lonse wa ku Budapest unamudutsa. Pakati pa sabata ino, pa mamita 400 a payekhapayekha, Chidi Okezie wa ku Nigeria anamutsogolera ndipo iye anatola siliva. Choncho dzulo anali ndi ngongole yoti abweze, ndipo waibweza.

Koma chimene chandikhala pamtima tsiku lonse si Samukonga. Tengani 2:59.12 muigawe panayi, mupeza masekondi 44.78 munthu aliyense. N'zoona kuti atatu mwa anayiwo amalandira kamtengo ali kale pa liwiro, ndiye nthawi yawo imatsikirako poyerekeza ndi munthu woyambira pansi mfuti ikalira. Ngakhale muchotsere zimenezo, masamu akukana kuti munthu mmodzi ananyamula anzake. Samukonga akanathamanga ngati mphenzi, anzake atatuwo n'kumachita masekondi 48 aliyense, Botswana ikanafika, kusamba, n'kuvala jekete iye asanatulukire pakona yomaliza. Katswiri mmodzi dziko lililonse likhoza kumutola mwamwayi. Zambia yomweyi inali ndi Samuel Matete, amene anapambana dziko lonse pa mamita 400 odumpha mipiringidzo ku Tokyo mu 1991 n'kudzatenganso siliva ku Atlanta mu 1996, koma ankayenda yekha. Mozambique inali ndi Maria Mutola, golide wa mamita 800 ku Sydney mu 2000, ndipo atapuma kunangoti zii. Anthu anayi othamanga chonchi pa tsiku limodzi satoledwa panjira. Pamakhala kuti pali malo amene akhala akukumana m'mawa uliwonse kwa zaka, pali wina wogwira wotchi, ndipo pali amene akuwadyetsa.

Cha m'ma 8 koloko ndinali pabwalo la sukulu, poti tikukonzekera mpikisano wa zoni. Bwalo lathu ndi la mpira wamiyendo. Timalizunguliza ndi chingwe ndi zikhomo, mizere n'kuthira phulusa la kukhitchini chifukwa laimu masiku ano ndi wa anthu omanga nyumba. Udzu chaka chino sunativute kutchetcha, ng'amba ya mu Febuluwale inatigwirira kale ntchito. Timitengo tathu ndi nsungwi, ndipo apa pokha tili pa mlingo wa dziko lonse: lamulo limati kamtengo katalike masentimita 28 mpaka 30, ndiye rula ya m'kalasi imatikwanira poyezera.

Ndinawaitana onse pamthunzi wa mtengo wa mango n'kuwaonetsa kanema uja. Mitu inaunjikana pafoni, ena kukwerana pamapewa. Ulendo woyamba ndinawasiya akuwe mmene angathere. Wachiwiri ndinayamba kumuimitsa popatsirana, chifukwa ana anga amasokoneza mipikisano iwiri. Pa mamita 100 wolandira sacheuka, amangoponya dzanja kumbuyo akamva mnzake wakuwa. Pa mamita 400 ndi zina. Wobwerayo amafika miyendo itafa kale, m'maso muli chizimezime, moti ukamuthawa ndi liwiro sangakupeze. Udindo wonse uli kwa wolandira: atembenukire m'kati mwa bwalo, amuyang'ane mnzakeyo, ayambe kuyenda molingana ndi mphamvu zimene zamutsalira, atambasule dzanja lamanzere, achite kukatenga yekha kamtengoko, akatero ndiye akasamutsire kumanja. Zonsezi zichitike m'kati mwa mamita 20. Ndinawaonetsanso mmene woyamba amakhalira mumzere wake ulendo wonse, wachiwiri mpaka atatha kona yoyamba, kenaka onse n'kuthamangira mumzere wam'kati. Ndipo achitatu ndi achinayi saima pamene akonda. Amawandandalika potengera mmene matimu awo adutsira pa theka la bwalo, wotsogola m'kati, enawo motsatana kunja. Apa mnyamata wina wa Fomu 2 anati ndiye kuti olemera amawawonjezera. Ndinamuuza kuti akafunse aphunzitsi a Baibulo.

Mtsikana wina, amene amathamanga mamita 800 osavala nsapato ndipo palibe amamuyandikira m'zoni muno, anafunsa ali phee: "Sala, nanga a Malawi ndi ati pamenepa?"

"Mulibemo."

"Anachedwa?"

Anzake anafa nacho chiseko, koma iye sankaseka.

Titayamba zoyeserera, yankho la funso lake linaonekera pabwalo pomwepo. Ndili ndi mnyamata mmodzi wa Fomu 3 amene akayamba kuthamanga ngakhale amayi opita kuchigayo amaima. Wachiwiri ndi wabwinoko. Wachitatu ndi goloboyi wa timu ya mpira amene ndimachita kubwereka. Wachinayi amasintha sabata ndi sabata, malingana ndi amene sanatumidwe kukasoka fodya kapena kukalondera soya. Lero wachinayi kunalibe, ndiye anathamanga atatu, wa Fomu 3 uja n'kuzungulira kawiri. Sukulu iliyonse imene ndikuidziwa ili chonchi: waliwiro mmodzi alipo, ndipo akalemba mayeso a Fomu 4 nkhani yake imathera pomwepo. Mudzamupeza akupalasa kabaza pa boma, miyendo ikadali yomweyo.

Dziko lathu nalonso lili chimodzimodzi. Tili ndi Asimenye Simwaka, msilikali amene anachokera ku mpira wamiyendo n'kukafika ndime yomaliza ya mamita 400 a amayi ku Birmingham komwe kuja. Ameneyo ndi katswiri weniweni. Koma tamufunireni anzake atatu oti apatsirane naye kamtengo, muona mmene mutu umaimira. Bwalo lothamangirapo lenileni tili nalo ku Bingu National Stadium, lomwe linatsekulidwa mu 2017 ndipo linalandira masewero a achinyamata a mayiko a kummwera kwa Africa, a Region 5, mu Disembala 2022, koma ana anga ambiri amangoliona pa TV, m'mphepete mwa chithunzi, Flames ikamasewera. A ku Zambia ali ndi Olympic Youth Development Centre ku Lusaka, imene bungwe la Olimpiki pa dziko lonse linatsekula mu 2010, malo oti mwana wa m'komboni akhoza kulowa n'kuponda pamene akatswiri amaponda. Zaka 14 ndi nthawi yokwanira kuti mwana wa Sitandade 2 asanduke munthu wa masekondi 45. Ndipo pali makochi ngati Douglas Kalembo, wa Samukonga uja, amene akhala pantchitoyi osatopa.

Masana ndinapita kokametetsa, ndipo kumeneko nkhani sinali yothamanga. Inali ya nkhonya. Pabenchi panali achimwene ena amene amachita geni yodutsa pa Mwami, mayi awo ndi a ku Katete ku Zambia, ndiye pa zamasewero mtima wawo umakhala tsidya lija. Ndisanakhale n'komwe anandilandira.

"Aphunzitsi, mwamva mmene atiberera ku Ghana? Anyamata atatu, onse siliva!"

Nkhani yake ndi iyi. Usiku womwewo wa dzulo, ku Bukom Boxing Arena, ankamaliza masewero a nkhonya, ndipo Zambia inali ndi amuna asanu mu ndime yomaliza. Patrick Chinyemba, uja anatenga bulonzi ku Birmingham ndipo ali kale ndi malo ku Olimpiki ya ku Paris, anatenga golide pa makilogalamu 51. Gerald Kabinda naye golide. Otsala atatuwo onse anakumana ndi eni bwalo: Mwengo Mwale ndi Amadu Mohammed, Andrew Chilata ndi Joseph Commey, Emmanuel Katema ndi Samuel Takyi. Onse atatu anagonja.

Achimwene aja ankati zimenezi sizingachitike popanda dzanja la munthu. Wometa, makina ali m'mutu mwanga, anati mlendo sapambana mlandu pabwalo la mfumu ya eni mudzi. Ine ndinakana kuwavomereza msanga. Nkhonya za mtundu umenewu ndi ndime zitatu za mphindi zitatuzitatu, majaji asanu, ndipo n'zoona kuti chikhamu chikamakuwa pa nkhonya iliyonse ya mwana wakwawo, ngakhale yogunda pamkono, jaji naye ndi munthu. Koma Bukom si malo wamba. Ndi dera la asodzi m'mbali mwa nyanja ku Accra kumene kunatuluka Azumah Nelson ndi Ike Quartey, kumene mwana amaphunzira kuponya chibakera asanadziwe kulemba dzina lake. Takyi yemweyo ndi amene anabweretsera Ghana bulonzi ku Tokyo, mendulo yawo yoyamba ya Olimpiki kuchokera mu 1992. Kugonja kwa munthu wotero pakhomo pake si umboni wakuba.

Ndinawauza kuti m'malo molira atatuwo, awerenge asanuwo. Nkhani yake ndi yomwe ija ya kamtengo. Dziko la Lottie Mwale, la Keith Mwila amene anatenga mendulo yoyamba ya Olimpiki ya Zambia ku Los Angeles mu 1984, la Esther Phiri ndi Catherine Phiri, silinatumize wankhonya mmodzi wodalira mwayi. Linatumiza gulu, ndipo gululo linafika kumapeto pa masikelo asanu osiyana. Achimwene aja anangoti, "Inu aphunzitsi mumalankhula bwino chifukwa si inu mwamenyedwa." Pamenepo sindinawatsutse.

Kenako wina anatsekula pafoni mndandanda wa mendulo, ndipo phokoso linasintha. Egypt ili pamwamba ndi golide wopitirira 100, kutali ndi wina aliyense, Nigeria yachiwiri, South Africa yachitatu. Eni ake a Ghana ali pa nambala 6 ndi mendulo pafupifupi 70, zomwe sanazionepo chiyambire. Koma 41 mwa zimenezo zachokera ku masewero amodzi, ogwetsana mkono patebulo, aja timachita pa desiki nthawi ya buleki. Wometa anazimitsa makina.

"Mukuti mkono? Ndiye boma likudikira chiyani? Tatengani anyamata okweza matumba a chimanga pamsikapa, muwakweze ndege!"

Tinaseka, komabe a Ghana sanabe. Anaona kuti pa masewero amenewa pali magulu ambiri, amuna ndi akazi, dzanja lamanja ndi lamanzere, sikelo iliyonse mendulo zake, ndipo munthu mmodzi akhoza kutenga ziwiri. Anakonzekera, n'kukolola. Kusambira nakonso n'chimodzimodzi, katswiri mmodzi amatha kubwerako ndi mendulo zodzaza khosi. Mndandandawo sufunsa zimenezi. Golide wa anthu anayi amene aphwanya mbiri ya masewero onse amalembedwa 1, chimodzimodzi golide wa dzanja lamanzere. N'chifukwa chake ine ndikafuna kudziwa ngati dziko lili ndi masewero kapena lili ndi mwayi chabe, sindiyambira pa nambala imene lakhala. Ndimayang'ana kuti mendulozo zachokera kuti, ndipo zadutsa m'manja mwa anthu angati.

A Zimbabwe nawo akubwerera akumwetulira. Kiriketi yalowa koyamba pa masewerowa, ndipo atenga golide mbali zonse ziwiri, amayi pogonjetsa South Africa sabata yatha, abambo pogonjetsa Namibia lero.

Madzulo magetsi analipo, ndipo tinadya tikumvera wailesi. Pulezidenti Chakwera walengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi chifukwa cha ng'amba ya El Niño, ndipo mabanja a alimi pafupifupi 2 miliyoni akhudzidwa. Mayi a kunyumba anaika chipande pansi n'kundiyang'ana. "Ndiye inu ndi nsungwi zanuzo, anawo azithamangira chiyani m'mimba muli pululu?" Funso limeneli ndi lolemera kuposa la mtsikana uja. Mamita 400 ndi mpikisano wankhanza. Mamita 300 oyamba umathamanga ndi zimene unaphunzira, 100 omalizawo umathamanga ndi zimene unadya. M'mawa uja ndinaona ndekha wachiwiri wanga atakhala pansi nthawi yaitali atamaliza, mutu uli pakati pa mawondo, ndipo nditamufunsa anati tiyi amwa akabwerera.

Ndili m'kati moganiza zimenezi, msuweni wanga wa ku Chipata anaimba. Ndinadziwiratu kuti si za maliro.

"Iwe, wagona? Kapena manyazi akuletsa kuyankha foni?"

Ndinamuuza kuti kanemayo ndamuonetsa kale kwa ana a sukulu yonse, ndiye asavutike kundilalikira. Anaseka, n'kunena kuti iyenso sanaonere pompopompo, magetsi kwawo anali atapita. Kuyambira pa 11 mwezi uno akukhala mumdima maola 8 pa tsiku chifukwa madzi ku damu la magetsi la Kariba atsika. Pulezidenti wawo Hichilema analengeza za ngozi ya chilala pa 29 Febuluwale, kutitsogolera ife ndi masabata atatu, ndipo akuti mahekitala pafupifupi 1 miliyoni a chimanga apserera. Mu Januwale, National Heroes Stadium, bwalo lawo lalikulu ku Lusaka, linasanduka chipatala cha odwala kolera, ana a sukulu n'kukhala pakhomo mpaka pakati pa Febuluwale. Anyamata anayi aja achokera m'dziko limenelo, chaka chomwechi. Ndiye mawu akuti ife ndife osauka, ngakhale ndi oona, sakukwanira kufotokoza chifukwa chimene iwo analipo pamzere ife kulibe. Njala ya chaka chino idzaoneka pa liwiro la ana a zaka zikubwerazi, kwawo ndi kwathu komwe. Golide wadzuloyu anaphikidwa kalekale.

Msuweni wangayo za maganizo ngati amenewa alibe nazo ntchito. Iye wayamba kale kuwerengera za ku Paris. Ndinamukumbutsa kuti ku Olimpiki kumalowa matimu 16 okha, 14 akapezeka pa mpikisano wa ku Nassau, ku Bahamas, pa 4 ndi 5 Meyi, ndipo awiri otsalawo adzatengedwa poona nthawi. Apa 2:59.12 ikhoza kudzawagwirira ntchito ngakhale ku Nassau zitavuta.

"Zivute bwanji? Botswana tidzaikwapulanso komweko."

Ndinamufunsa ngati akudziwa kuti Botswana inapita ku Accra popanda Letsile Tebogo, amene mwezi wathawu ku Pretoria anathamanga mamita 300 pa masekondi 30.69, nthawi imene munthu wina aliyense sanaifikepo. Akadzamuika ameneyo pa ndime imodzi, mamita asanu aja adzatha ngati madzi a m'nsengwa. Anati ndimayankhula ngati Mtswana. Tabetcherana tambala: Zambia ikadzatsogola Botswana ku Nassau, ndidzamutengera ndekha mpaka ku Chipata, ikadzatsalira, awoloke naye pa Mwami, ndipo asadzabwere ndi kamsoti n'kumati nkhuku zadula.